Mbiri Yobisika M'dzina la Kachikumbu ka M'bowa

Pa zitsa ndi pa mitengo yakufa pamamera bowa wolimba wooneka ngati mbale yoduka pakati. M'kati mwa bowa ameneyu mumakhala tizikumbu ting'onoting'ono, tambiri tosapitirira mamilimita 5, timene timadya ndi kuswana momwemo. Akatswiri amatiika m'banja la Ciidae, limene William Elford Leach adalitcha dzina mu 1819. Banjali lili m'gulu lalikulu la zikumbu lotchedwa Coleoptera.

Katchulidwe ka nyama ndi tizilombo kamatsata ndondomeko imene idayamba ndi buku la Carl Linnaeus la mu 1758. Dzina lililonse limakhala ndi mawu awiri a Chilatini: oyamba ndi a fuko, achiwiri ndi a mtundu weniweniwo.

Titenge chitsanzo cha kachikumbu ka ku Ulaya, Cis boleti (Scopoli, 1763). Giovanni Antonio Scopoli adakafotokoza mu 1763 ndi kukatcha Dermestes boleti. Mawu akuti boleti amatanthauza "ka m'bowa". Mu 1796 Pierre André Latreille, wansembe wa Chikatolika wa ku France, adakhazikitsa fuko la Cis, ndipo kachikumbuka kadasamutsidwira kumeneko. Mawu achiwiri aja sadasinthe, pakuti lamulo limalemekeza amene adayamba kutcha dzina. Mabulaketi ozinga dzina la Scopoli ndiwo chizindikiro cha kusamukako.

Choncho tikawerenga dzina lotere timadziwa amene adalitcha, chaka chake, ndiponso abale a kachikumbuko. Pakadapanda ndondomeko imeneyi, kachilombo kamodzi kakadakhala ndi mayina ambirimbiri, ndipo ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana sakadamvana.