Za Kulera Amisiri Osema: Mua, Machinga ndi Balaka

M'buku lino la chikumbutso anzathu alemba za masukulu, za zipatala ndi za nyumba za Mulungu zimene zinamangidwa m'zaka zapitazo. Ife tifuna kunena za nchito yina imene siitchulidwa kawirikawiri, ndiyo ya kulera amisiri osema ndi ojambula. Pakuti ali yense woyenda pa mseu wochokera ku Zomba kutsikira ku Liwonde aona ndi maso ache mipando ya mafumu, njobvu, mvuu ndi ziboliboli zina zoyalidwa m'mbali mwa njira. Koma ngowerengeka amene afunsa kuti manja osema zimenezi anaphunzira kuti, ndi kwa yani.

Makolo athu analibe sukulu ya luso, koma anali nayo njira yao. Mnyamata wofuna kudziwa kusema mtondo, ng'oma kapena bwato la pa Shire ndi pa nyanja ya Chiuta, anali kupita kwa atsibweni ache kapena kwa mmisiri wina wa mbiri, nakhala komweko, nadya nsima ya pakhomopo, nalima nao m'munda. Poyamba sanampatse mtengo iai. Nchito yache inali kunola nkhwangwa ndi kasemasema, kunyamula zipika, ndi kupenya. Popenyapo anadziwa kuti mtengo wauwisi ung'aluka ukauma, ndi kuti mlombwa ufuna dzanja lina, phingo dzanja linanso. Ndiponso pa zinamwali panali maphunziro a zifaniziro. Ayao a kuno kwathu anali kuumba pansi inyago, zithunzi za dothi zophunzitsira anyamata, ndipo china cha izo chinali namungumi, chinyama chachikuru cha m'madzi. Achewa anali kukonza nkhope za gule ku dambwe, kumene wosameta safikako. Zithunzi za pa miyala ya Chongoni ku Dedza, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'chaka cha 2006 pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi, zichitira umboni kuti kujambula sikunadze ndi sitima.

Amishoni atafika anadza ndi umisiri wao. A ku Scotland anakhazikika ku Blantyre m'chaka cha 1876, naphunzitsa anyamata ukalipentala, kuumba njerwa ndi kusindikiza mabuku. Ansembe a Montfort anayamba ku Nzama mu 1901 nafika ku Utale mu 1908, ndipo a White Fathers anamanga ku Mua mu 1902. Tiwayamika chifukwa cha macheka ndi pulena. Zitseko ndi mabenchi a amisiri ao tikali kukhalira ena a iwo. Koma tinene zoona: anaphunzitsa kuongola thabwa, osati kusema nkhope. Zifaniziro za m'tchalitchi zinali kudza m'mabokosi kuchokera ku Ulaya, za khungu loyera ndi tsitsi lalitali, ndipo munthu wosema nkhope ya munthu wakuda anali kumuyesa wa ku dambwe. Ku Mua komweko mkangano wa mishoni ndi zinyau unakula ndithu m'zaka za m'ma 1920.

Nchodabwitsa tsono kuti nyumba yolerera osema inabadwira pa malo omwewo. Msonkhano waukuru wa Vatican wachiwiri, wa 1962 kufikira 1965, unalola kuti mitundu yonse ipembedze m'chinenero chao ndi mwa luso lao. Mu 1967 anafika m'Malawi Bambo Claude Boucher, wansembe wa White Fathers wochokera ku Canada, amene anali wojambula iye mwini. Anaphunzira Chichewa, nakhala pansi ndi akuluakulu kufunsa za miyambo, nalandira mfunda wa Chisale. M'chaka cha 1976 anayambitsa KuNgoni pa Mua, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, nasonkhanitsa osema a m'midzi yozungulira.

Pano tifuna kukhalitsa pang'ono, pakuti mpamene pagona nkhani yathu. Chimene KuNgoni kunachita sichinali chachilendo kwa makolo. Kunabweza njira yakale ija, nikuonjezapo zina zimene mnyamata wa pamudzi sakhoza kuzipeza yekha. Wophunzira anali kugwira nchito pambali pa odziwa tsiku ndi tsiku, osati sabata imodzi kapena ziwiri, koma nyengo yaitali. Anali ndi mthunzi wosemerapo, ndi zida, ndi munthu womuuza mosabisa kuti mkono uwu watalika, khosi ili lauma ngati munsi. Chinthu akachitsiriza chinali ndi poonetsera ndi pogulitsira, kotero kuti njala siinamkakamize kuchitaya pa mtengo wa bonya. Ndipo choposa zonse, anapatsidwa nkhani yoti aseme. M'malo mobwereza njobvu imodzimodzi, osema a ku Mua anatsogozedwa kusema moyo wa kwao: mai wosinja, nkhalamba yoweruza mlandu pa bwalo, maliro, chinamwali, nthano ya Kaphirintiwa, ndipo m'nkhani za m'Baibulo anasema Maria wobereka mwana kumbuyo monga achitira amai athu. Mnyamata wosema zotere ayenera kuyamba wafunsa agogo ache, ndipo pofunsapo aphunzira zambiri zoposa kugwira tchizulo.

Zipatso zache zinaoneka. Maina a osema monga Thomas Mpira ndi Tambala Mponyani anamveka kunja kwa dziko lino. Matchalitchi ambiri m'Malawi analandira mitanda, maguwa ndi zitseko zosemedwa ku Mua, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 amisiri a KuNgoni anasema za m'kachisi wa bungwe la Missio mu mzinda wa Munich ku Germany. Mabokosi amene kale anali kubwera tsopano anali kupita. Pa Mua pomwepo panamangidwa nyumba yosungiramo za makolo yotchedwa Chamare, ndilo dzina limene anthu anatchulira Bambo Champmartin, wansembe wa pamalopo wa masiku akale. Makoma ache akunja anajambulidwa mbiri ya dziko lino, ndipo m'kati munaikidwa nkhope za gule wamkuru mazanamazana, pamodzi ndi za Angoni ndi Ayao. Mu 2000 Martin Ott anasindikiza buku lonena za nchitoyi, lotchedwa African Theology in Images.

Nanga kwathu kuno? Balaka, amene anapatulidwa ku Machinga nakhala boma pa yekha mu 1998, adziwa bwino mphamvu ya kulera luso, koma anaionetsa pa nyimbo. Alleluya Band inayamba pa parishi ya Balaka mu 1978, masiku a Bambo Mario Pacifici, ndipo m'menemo munakulira Paul Banda ndi mng'ono wache Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024. Anyamata aja anapeza zoyimbira, nyumba yophunziriramo ndi akuru owamvera, ndipo dziko lonse linabvina nyimbo za ku Balaka. Osema athu mwai wotere anaupeza pang'ono. Ambiri aphunzira m'mbali mwa mseu, kumene mphunzitsi wamkuru ndiye wogula. Ndipo wogula wa pa galimoto afuna chinthu chonga chimene anaona kwa mnzache, chopepuka, chakuda bii, chotsika mtengo. Chifukwa chache ena apaka polishi wa nsapato pa mtengo wamba kuti uoneke ngati phingo. Sitiwadzudzula iai, pakuti ana afuna kudya. Koma taona m'masukulu mwathu ana ojambula nkhuku pa dothi mwakuti ungafune kuiingitsa, ndipo tidziwa kuti akapanda wowasunga chaka chimodzi kapena ziwiri pansi pa mmisiri, adzatha moyo wao wonse akusema mvuu yomweyo.

Palinso bvuto la mitengo. Phingo ndi mlombwa zikula pang'onopang'ono, ndipo mtengo umene mnyamata audula m'mawa umodzi unamera agogo ache asanakwatire. M'mapiri a Machinga makala adya nkhalango, kotero kuti osema ayenda kutali kufuna chipika chabwino. Wophunzira wopanda mlangizi aononga zipika zambiri asanatulutse kanthu. Wokhala ndi mmisiri ayamba pa mitengo yofewa, nasungira yolimba tsiku limene dzanja lakhwima.

Mua sali kutali. Mseu wa ku Salima ndi njanji imene inafika ku Salima mu 1935 zidzera kufupi ndi kumeneko. Koma si mnyamata ali yense wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja amene angasiye munda napita. Chifukwa chache tipempha akuru a mipingo ndi mafumu athu alingalire za chisakasa chimodzi cha kuno komwe, chokhala ndi zida, ndi chipinda chogona anyamata anai kapena asanu, ndi nkhokwe yowadyetsa kufikira masika. Ndipo aitane nkhalamba zosema za m'mbali mwa mseu wa Liwonde zidzakhale nao, maso ao akali kupenya.