Mmene Mlimi Anasandukira Chigawenga m'Chingerezi

Aliyense wokonda mafilimu a Chingerezi amamudziwa "villain", munthu woipa mtima uja amene timadikira kuti aphedwe kapena anjatidwe filimu isanathe. Komatu zaka 900 zapitazo liwu limeneli linalibe mlandu uliwonse. Gwero lake ndi "villanus" wa m'Chilatini, kutanthauza munthu wolima pamunda wa mwinimalo. Mfumu William italamula kalembera wa minda ndi anthu a ku England, amene zotsatira zake zinalembedwa m'buku la Domesday mu 1086, alimi otchedwa ndi dzina limeneli ndiwo anachuluka kuposa gulu lina lililonse. Sizinangochitika mwangozi kuti dzina la anthu odyetsa dziko lidzasanduke la chigawenga. Mawu ambiri amene Chingerezi chimayezera khalidwe la munthu anayamba ngati mayina a kumene munthuyo anabadwira, ndipo ogwira cholembera ndiwo anawagawa, okoma n'kudzisungira, onyoza n'kuwaponyera kumunda.

Asanafike William ndi ankhondo ake a ku Normandy mu 1066, mlimi wamba ankatchedwa "ceorl". Sanali kapolo ayi. Anali mfulu, ndipo malamulo a ku Wessex ankaudziwa mtengo wa moyo wake: womupha ankalipira abale ake masheleni 200, pomwe wopha "thegn", mwinimalo wotumikira mfumu, ankalipira 1,200. William atapambana nkhondo ya ku Hastings, minda inagwera m'manja mwa mabwana olankhula Chifalansa, ufulu wa alimi ambiri unachepa, liwu lija n'kutsika nawo limodzi. Lero munthu akamunena kuti ndi "churlish" ndiye kuti ndi wamwano ndiponso wouma mtima. "Boorish", lonena za munthu wosadziwa ulemu, ndi m'bale wake wa "boer" wa m'Chidatchi, mlimi, liwu lomwe kuno tinalipinda n'kukhala Bunu. Ngakhale "clown" wosetsa anthu uja, m'zaka za m'ma 1500 anali chabe munthu wakumudzi.

Tikayang'ana mawu otamanda, njira yake ndi yomweyo koma yolowera kumtunda. "Courteous" ndi makhalidwe a kubwalo la mfumu. "Gentle", limene lero ndi kufatsa, poyamba linkanena za kubadwira m'banja lapamwamba, ndipo "generous" linali lotero lisanakhale la munthu wopatsa. Mizinda itakula, ulemu unasamukira m'tauni: "civil" ndi wa nzika, "urbane" ndi wa mumzinda, pomwe "polite" amachokera ku liwu la Chilatini lonena za chinthu chopukutidwa mpaka kunyezimira. Umboni wooneka bwino uli m'kabuku ka Erasmus ka mu 1530 kophunzitsa anyamata mwambo, kamene Robert Whittington anakamasulira m'Chingerezi mu 1532. Pofuna kuletsa mwana kupukutira mamina pachipewa kapena pamalaya, Erasmus akuti zimenezo n'zachimidzi, ndipo kupukutira pamkono akuti n'kwa ogulitsa nsomba. Mwanayo sakuuzidwa kuti uve umadwalitsa, akuuzidwa anthu amene sayenera kufanana nawo. Pofika 1711, pamene Joseph Addison ndi Richard Steele ankasindikiza nyuzipepala ya The Spectator, amalonda omwera khofi m'nyumba za khofi za ku London anali ataphunzira kuti ngakhale wosabadwira kunyumba yachifumu akhoza kudzipukuta n'kukhala "polite". Khomo linatseguka, koma linatsegukira munthu wa ndalama ndi mabuku.

Wina anganene kuti kufukula mizu ya mawu n'kungotaya nthawi, pakuti mayi wa ku Manchester akamakalipira mwana kuti asakhale "rude" saganizira n'komwe za mlimi wa mu 1086. Zoona zimenezo, ndipo tanthauzo la liwu ndi limene olankhula alipatsa lero. Koma nkhani pano si mtima wa wolankhula wa lero. Liwu limodzi likhoza kusochera lokha, koma mawu ochuluka chotere, ochokera ku Chingerezi chakale, Chifalansa, Chilatini ndi Chidatchi, akamayenda njira imodzi kwa zaka mazana angapo, ndiye kuti alipo amene ankawakusa. Winanso angati izi zili m'chilankhulo chilichonse, poti nafenso timaseka munthu kuti ngwachimidzi. Komabe tikamayamikira timati wakuti ndi munthu, ali ndi umunthu, anakula ndi mwambo, ndipo mwambowo kwawo n'kumudzi komweko. Chingerezi chili nalo liwu lotere, "kind", la muzu umodzi ndi "kin", abale, koma lazunguliridwa ndi mawu a kubwalo ndi a m'tauni.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti nawonso akuluakulu analandirako chitonzo. "Haughty", kudzikuza, muzu wake ndi liwu la Chifalansa lotanthauza pamwamba, ndipo "surly", munthu wokwiyakwiya woyankha mokhadzula, poyamba linali "sirly", kuchita zinthu ngati bwana wotchedwa "sir". Ndiye kuti anthu wamba nawo ankabwezera, ndipo zina mwa zobwezera zawozo zinalowa m'mabuku. Koma zitonzo ziwirizi sizilemera mofanana. "Surly" anatonza kachitidwe, n'kusiya "sir" ali chilili ndi ulemu wake, moti mpaka lero ana asukulu amaitana nalo aphunzitsi awo. Kumbali ya alimi chimene chinadetsedwa ndi dzina lenilenilo la gulu lonse. Mawu a kumtunda anatsika n'kugawidwa kwa aliyense, mpaka "gentlemen" anafika polembedwa pazitseko za zimbudzi za m'mahotela, koma a kumunsi sanabwererenso pamalo pawo. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri yakale akafuna kulemba za mlimi uja wa m'buku la Domesday amagwiritsa ntchito kalembedwe kena ka liwu lomwelo, "villein", kuti wowerenga asamuyese chigawenga.