Khirisimasi m'Tsinde mwa Phiri la Tumbine

Munthu amene angaime pa mlatho wa mtsinje wa Muloza m'mawa wa pa 25 Disembala, nayang'ana kumadzulo kumene kuli minda ya tiyi ya ku Mulanje, napenyanso kum'mawa kumene phiri la Tumbine laweramira tauni ya Milange, adzaona anthu olankhula chinenero chimodzi, okwatirana ndi oikana maliro, akusunga tsiku limodzi limene maboma awo awiri amalitcha maina awiri. Ku Malawi ndi Khirisimasi. Pa kalendala ya boma la Mozambique ndi Tsiku la Banja. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo iye wofuna kumvetsa chimene Akhristu amatanthauza ponena kuti Mulungu anakhala munthu, achita bwino kuitsata mbiriyo m'dziko lino la m'malire, kumene chiphunzitsocho chinayesedwa ndi ukapolo, msonkho, chiletso ndi nkhondo.

Mauthenga Abwino satiuza tsiku limene Yesu anabadwa. Umboni wakale koposa wa chikondwerero cha pa 25 Disembala ndi wa ku Rome, wa chaka cha 336. Koma chimene akulu a mpingo anachilimbira mtima si tsiku ayi, koma mwini tsikulo. Pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325 anatsimikiza kuti Mwanayo ndi Mulungu ndithu, ndipo pa wa ku Chalcedon mu 451 anamanga mfundo yakuti yemweyo ndi munthu ndithu, wosati mzimu wobwereka maonekedwe a munthu. Ndiko kunena kuti njala imene anaimva inali njala yeniyeni, misozi yake inali yamchere monga yathu, ndipo amayi ake anamufunditsa chifukwa chisanu chinali kumupweteka. Walira mvula walira matope, anatero makolo athu, ndipo Mulungu posankha thupi anasankhanso zonse zimene thupi limasenza.

Uthenga umenewu unafika m'tsinde mwa Tumbine mu 1890, pamene ansembe a chipani cha Ajezuwiti, amene anali kale ndi malo ku Boroma pafupi ndi Tete, anadzatsegula mishoni kuno. Anafika pa nthawi yoipa. Angerezi ndi Apwitikizi anali kulimbirana dziko, kufikira pangano lawo la 1891 linasandutsa mtsinje wa Ruo kukhala malire, niligawa mafumu, mabanja ndi manda pakati pa mbendera ziwiri, eni dziko osafunsidwa ngakhale liwu limodzi. Njira za ogula akapolo zinali kudutsa m'mapiri omwewa kulowera kunyanja ya mchere, nchifukwa chake Angerezi anamanga linga la Fort Lister mu 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Mishoni ya ku Tumbine siinathe zaka zisanu: ankhondo a Matipwiri, mfumu ya Chiyao imene inali ndi mphamvu m'derali, anaipasula, ndipo ansembe anachoka. Mu 1910, ufumu utagwa ku Portugal, boma latsopano linapirikitsa Ajezuwiti m'maiko ake onse. Akulu a m'midzi, poona alendo ovala mikanjo afika nachokanso, akanakhoza kunena mwambi wawo wakale wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipo pa za alendowo mwambiwo unali woona, koma pa za uthengawo unalephera.

Pakuti uthenga umene unatulukira pakhomo unalowanso ndi mapazi a anthu aulendo. M'zaka zotsatira, chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, pamodzi ndi mbalamatodya imene inkatupitsa zikhato za wolephera kukhoma, zinathamangitsa Alomwe ndi anansi awo ambirimbiri kuoloka malire kukakhala m'minda ya azungu ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, kumene thangata linali kuwadikira. Kumeneko anapeza sukulu ndi akachisi a mishoni ya Asikoti ya ku Blantyre, yokhazikitsidwa mu 1876, ndi a ansembe a Chimontfort amene analowa m'dzikomo mu 1901. Ndipo Buku Lopatulika litatuluka lathunthu m'Chinyanja mu 1922, panali anthu amene, pobwera kudzazonda abale kapena kudzakhuza maliro, ankanyamula m'phukusi buku limene asuweni awo a ku Milange ankakhoza kulimva popanda womasulira. Ndipo kodi ndi chiyani chikanawavuta m'nkhani ya kubadwa kwa Yesu? Mfumu ya kutali, imene sanaione ndi maso, ilamula kalembera kuti idziwe mitu yokhometsa msonkho. Mmisiri wa matabwa akakamizidwa kuyenda ulendo wautali ndi mkazi wapakati wotopa. Afika kumudzi kwa makolo napeza malo atatha. Anthu amene maina awo analembedwa m'kaundula wa bwana wa posito sanafune mphunzitsi wowafotokozera kulemera kwa mawu amenewa.

Pangano la 1940 pakati pa Papa ndi boma la Portugal linatsegulanso njira ya mamishoni, ngakhale linawamangirira ku boma lachitsamunda, popeza sukulu zawo zinapatsidwa udindo wophunzitsa ana a anthu akuda Chipwitikizi ndi kumvera Lisbon. Chimenechi ndi chipsera chimene mbiri yoona siyenera kuchibisa. Mu 1947 ansembe a chipani cha Akapuchini ochokera ku Trento m'dziko la Italy anafika m'Zambezia, Milange nikhala umodzi mwa minda yawo, ndipo mu 1954 Quelimane inakhala dayosizi payokha. Akapuchiniwa ndi ana auzimu a Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene mu 1223, pa mudzi wa Greccio, anaika chodyera cha ziweto ndi udzu, ng'ombe ndi bulu pamaso pa anthu usiku wa Khirisimasi, kuti aone ndi maso awo umphawi umene Mwana wa Mulungu anabadwiramo. Mwambo umenewu unamera bwino m'nthaka yathu. Kufikira lero, m'masiku otsiriza a Adiventi, anyamata amadula nsungwi namanga kakhola pambali pa guwa, nafolera ndi udzu, atsikana nasanja maluwa ndi masamba a nthochi, ndipo pamene palibe ziboliboli zogula kusitolo, ana amaumba ng'ombe ndi nkhosa za dongo, zokhala ndi linunda monga ng'ombe za kwathu. Wopenya kakholako saona nyumba yachilendo. Aona msasa wonga umene iye mwini amagonamo polondera chimanga.

Ufulu wa Mozambique utabwera pa 25 Juni 1975, boma la Frelimo, mwezi umodzi wokha utapita, linatenga sukulu ndi zipatala za mamishoni. Amishoni ambiri anachoka, otsalawo anachepetsedwa mayendedwe, ndipo dzina la Khirisimasi linafafanizidwa pa kalendala. Boma la Milange linaona kuuma kwa masiku amenewo koposa madera ambiri, pakuti ku Carico kunali misasa imene anatsekeramo zikwi za a Mboni za Yehova. Ndipo ngakhale iwowa sasunga Khirisimasi, masautso awo anaonetsa okhulupirira onse mtengo umene munthu angalipire chifukwa cha chikumbumtima. Pa nthawi yomweyo, mu 1977, Akatolika a dziko lonse anasonkhana ku Beira nagwirizana kuti mpingo usadalirenso nyumba zazikulu ndi ansembe ochokera kutali, koma ukhale m'miphakati ing'onoing'ono, mmene aliyense ali ndi utumiki wake: uyu kuwerenga Mawu, uyu kuphunzitsa katekisimu, uyo kuzonda odwala, winanso kutsogolera maliro. Mutu umodzi susenza denga. Chotero panali midzi yambiri imene inatha zaka osaona wansembe, koma usiku wa pa 24 Disembala mlimi wa zikhato zokakala ankatsegula buku pa kuwala kwa koloboyi, nawerengera anzake nkhani ya abusa ndi angelo, amayi nayimba ndi nthungululu. Boma linali litalitcha tsikulo la banja. Akhristu sanakangane nalo, popeza iwo anali kukumbukira banja limene linasowa pogona.

Chiyeso chachikulu chinadza ndi nkhondo ya pachiweniweni. Mu 1986 asilikali a Renamo analanda tauni ya Milange, naigwira kufikira 1988; mafakitale a tiyi anasanduka mabwinja, midzi inapsa, ndipo anthu anaoloka Muloza ndi Ruo usiku, ana kumsana, mphika ndi mphasa pamutu. Podzafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi anali kusunga othawa kwawo a ku Mozambique opitirira miliyoni imodzi, ena m'misasa, ena m'makomo mwa abale ndi mwa anthu amene sanali abale konse. Kwa iwo amene anadya Khirisimasi pansi pa lona, ndi ufa wa pamzere ndi nandolo woyeza pa chitini, gawo la nkhani limene alaliki ambiri amalidumpha linakhala mtima wa nkhani yonse: kuti Mwanayo asanayambe kuyenda, mfumu yoopa kulandidwa mpando inatuma asilikali kukapha makanda, ndipo Yosefe anadzuka usiku nathawira naye ku Ejipito, kukakhala mlendo wopanda munda m'dziko la eni. Amayi amene anaika ana awo m'manda a m'njira sanauzidwe kuti Mulungu anaona zonsezo ali kumwamba. Anauzidwa kuti Iye mwini anaberekedwapo kumsana pothawa lupanga, ndipo pakati pa mawu awiriwa pali kusiyana kwakukulu kwa munthu wolira.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, ndipo anthu anabwerera kukalambula mabwinja awo. Lero Milange ndi nkhokwe imene imadyetsa mbali zonse ziwiri za malire. M'sabata la Khirisimasi njinga zakapalasa zimatsetsereka kulowera ku Muloza zitasenza matumba a chimanga ndi nyemba, nizibwerera ndi shuga, sopo ndi mafuta ophikira, wogulitsa nalandira metikali kapena kwacha mosasankha. Koma tisaiwale kuti chikondwererochi chimatipeza m'dzinja, pamene mmera uli m'mawondo, nkhokwe zikuoneka pansi, ndipo khasu silidziwa tchuthi. Mpunga ndi nkhuku za tsikulo, thobwa ndi kamalaya katsopano ka mwana, nthawi zambiri ndi thukuta la ganyu la masabata angapo. Namondwe wa Freddy, amene anakokolola midzi ndi minda ya m'mapiri ano m'mwezi wa Malichi 2023, anakumbutsa onse kuti thupi la munthu likadali losalimba monga linalili ku Betelehemu.

Tikasanthula zaka zonsezi, tipeza kuti chimene chinasunga Khirisimasi ku Milange si makoma a njerwa, pakuti anagumuka. Si chilolezo cha boma, pakuti chinachotsedwa. Sinso mpunga ndi nyama, pakuti zinasowa zaka zambiri. Chinaisunga ndi chikhulupiriro chakuti Mulungu sanadze kudzacheza, koma kudzalowa m'mtundu wathu mwa kubadwa, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Koma chibale chili ndi mangawa ake. Ngati Mwana wa Mulungu anawerengedwa pa kalembera, ndiye kuti mlimi wobwera ndi nandolo wake pamsika sayenera kuberedwa pa sikelo. Ngati anali wothawa kwawo, ndiye kuti woolokera tsidya lino kudzafuna mankhwala kapena ganyu sayenera kunyozedwa chifukwa cha kalankhulidwe kake. Ndipo ngati anamva njala, ndiye kuti mkhristu wotsekera chimanga m'nyumba kudikira kuti mtengo ukwere mu Febuluwale, nkhalamba ya pakhomo loyandikana ikugona ndi mango owiritsa, wakana ndi manja ake chimene wavomereza ndi pakamwa pake m'tchalitchi. Makolo athu a m'zaka za chibalo ndi za nkhondo anasunga tsikuli alibe kanthu. Ife amene tili ndi mtendere tidzafunsidwa zochuluka kuposa iwo.