Munthu Amene Anafunafuna Gwero la Chilala

Abale, inu amene mulima m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza ndi m'tsinde mwa phiri la Thambani, mudziwa chisoni cha chaka chimene mitambo ikwera masana, nibalalika madzulo osagwetsa kanthu, chimanga chiri kunyala m'munda. Pa nthawi yotere munthu afunsa kuti, Kodi mvula yathu yatsakamira kuti? Tsono mverani mbiri ya munthu wina amene anayamba kuyankha funso limeneli, angakhale anali kufunira anthu a dziko lina.

Gilbert Walker anabadwa ku England m'chaka cha 1868. Anaphunzira pa sukulu yaikuru ya Cambridge, ndipo m'chaka cha 1889 anaposa anzache onse pa mayeso a masamu. Nchito yache yoyamba sinali ya mvula ai. Anali kusanthula malamulo obisika a magetsi, ndi mayendedwe a zinthu zozungulira monga nguli, ndi kamtengo kokhota kaja kamene anthu a ku Australia akaponya, kabwerera kwa mwini wache. Mlimi akadamuona akadati, Uyu angosewera.

Koma m'chaka cha 1899 mvula inakana ku India, ndipo njala inapha anthu osawerengeka. Boma linafuna munthu wodziwa masamu, kuti kapena angapeze njira ya kuzindikira chilala chisanafike. Chotero Walker anaoloka nyanja, nakhala mkulu wa oyesa nyengo a dziko lonselo kuyambira 1904 kufikira 1924.

Machitidwe ache anali otere. Anasonkhanitsa mabuku m'mene anthu a maiko ambiri analembamo mvula, kutentha, kudzala kwa mtsinje wa Nile, ndi kulemera kwa mpweya, pakuti mpweya uli nako kulemera kwache, ndipo kuyesedwa tsiku ndi tsiku. Alembi ache a ku India anawerengera zonsezi ndi manja, chaka ndi chaka, popeza makina owerengera a masiku ano kunalibe. Potsiriza chinthu chodabwitsa chinaoneka: mpweya ukalemera pa nyanja ya Pacific, upepuka pa nyanja ya India, ndipo zikapita zaka zowerengeka, zisinthana, monga mbale ziwiri za sikelo. Mvula ya maiko otalikirana itsata kupendeka kumeneku. Walker anakutcha Southern Oscillation, ndiko kunena kupendekapendeka kwa kum'mwera.

Koma sanakolole chimene anafesa. Maulosi ache a mvula ya ku India sanali kukhoza kawirikawiri, ndipo anzeru ena anakayika, pakuti iye anaonetsa kuti zinthuzi ziyendera pamodzi, koma sanathe kulongosola chifukwa chache. Anamwalira m'chaka cha 1958.

Chifukwacho chinaululika m'chaka cha 1969 mwa Jacob Bjerknes. Asodzi a ku Peru anadziwa kale kuti zaka zina madzi a nyanja yao afunda pa nyengo ya Khirisimasi, nawatcha El Niño, ndiye Mwanayo, pokumbukira kubadwa kwa Ambuye. Bjerknes anaona kuti madzi ofundawo ndi sikelo ya Walker ziri chinthu chimodzi: mphepo za pa nyanja zikafooka, madzi ofunda asunthira kum'mawa, ndipo mitambo ya mvula iwatsata. Mayendedwe a mphepozo anawatcha dzina la Walker.

Apa mpamene nkhani ifika pakhomo pathu. Pakuti El Niño akadza, kawirikawiri mvula ichepa kum'mwera kwa Africa, ndi kuno kum'mwera kwa Malawi komwe. Akulu akumbukira chilala cha 1992. Ndi ana omwe anaona cha 2016. Ndipo m'mwezi wa March 2024 boma linalengeza tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Zaka zonsezi zinali za El Niño. Koma tinene zoona: si nthawi zonse ai. M'chaka cha 1997 El Niño anali wamkuru ndithu, koma chilala chimene anthu anachiopa sichinafika monga anayembekezera. Chenjezo ili lifanana ndi mtambo wakuda, umene suvumba masiku onse, koma wanzeru auona naanula ufa wache.

Chifukwa chache, pamene a za nyengo alengeza pa wailesi, mvula isanayambe, kuti chaka chino ncha El Niño, musanyoze. Musathamangire kugulitsa chimanga chonse kumsika pokolola. Bzalani mbeu zocha msanga, ndipo mapira, chinangwa, mbatata ndi nandolo zisasowe m'munda. Yosefe ku Aigupto anamva za njala isanadze, ndipo anthu anapulumuka chifukwa anamanga nkhokwe. Ife tamva mwa nchito ya munthu amene anawerengera zaka makumi awiri osaona chipatso chache. Nkhokwe nzathu kumanga.