Nyimbo zimene zinkadumpha malire ku Angónia

Pamsewu wa M1, pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pali malo amene ukangowoloka tala wafika dziko lina. Pa Lizulu wogulitsa kabichi amatha kukhala ku Malawi, womugula ataima ku Mozambique. Kutsidyako ndiye kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano, m'chigawo cha Tete, dziko lozizira la Angoni a Maseko ndi Achewa. Maputo ili kutali makilomita oposa 1,500 pamsewu, pamene Dedza ndi pakhomo. N'chifukwa chake khutu la munthu wa kuno linakula likumva za anansi.

Mukawafunsa agogo a zaka za m'ma 70 kuti ankavina chiyani ali anyamata, mayina amatuluka osakanikirana. Atchula Beatles ndi Cliff Richard, kenako Jim Reeves, kenako Paul Ngozi, n'kudzatera pa simanjemanje ndi kanindo. Wophunzira za nyimbo angafune kuzipatula, kuti izi ndi rock, izi ndi country, izi n'za ku Joni. Eniake sazipatula, ndipo ine ndili kumbali yawo, chifukwa zonsezi zinkatuluka m'kabokosi kamodzi, usiku umodzi.

Zoyamba kufika zinabwera pamutu ndi panjinga. M'nthawi ya Apwitikizi amuna ambiri a kuno ankathawa chibalo ndi msonkho n'kupita kuminda ya azungu ku Rhodesia, ena kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Wobwerako bwino ankadziwika ndi katundu: bulangete, jekete, njinga, ndipo wamwayi kwambiri ankabwera ndi galamafoni yopukusa ndi mbale zake zokulungidwa m'nsalu kuti zisasweke panjira. Singano ikabuntha ankainola pamwala. Mbale imodzi inkaimbidwa mpaka mawu a woimba kumira m'phokoso, koma pabwalo fumbi linkabukabe.

Kenaka kunabwera wailesi ya mabatire, ndipo apa mpamene rock inalowera kwenikweni. Ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kunali nyumba youlutsira mawu yotchedwa LM Radio. Chodabwitsa chake n'chakuti inali m'dziko la Mozambique koma inkalankhula Chingerezi ndi Chiafrikaans, maso ake ali pa achinyamata a ku South Africa, amene wailesi ya boma lawo inkawamana nyimbo zoterezi. Mphepo ilibe chiphaso. Pa shortwave mawu a LM ankafalikira kum'mwera konse kwa Africa, makamaka dzuwa likalowa. Mnyamata wa kumishoni ya Lifidzi kapena Fonte Boa, kapena kalaliki wa m'sitolo ku Vila Coutinho, dzina lakale la Ulónguè, akanatha kumva Elvis Presley, Rolling Stones ndi Creedence Clearwater Revival asanaonepo gitala yamagetsi ndi maso ake. Kwa odziwa Chipwitikizi kunalinso Roberto Carlos wa ku Brazil, amene anayamba ndi rock asanatembenukire ku nyimbo zachikondi.

Kumvera wailesi inali ntchito. Waya ankamangidwa kuchokera pamlongoti wa wailesi kukafika pamtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa, kenako n'kuwandandalika asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu m'chikatoni chokulungidwa, chomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, mawaya awiri akulowa kumbuyo kwa wailesiyo. Mwini wake yekha ndiye ankagwira kotembenuzira. Mawu ankabwera n'kuthawa, ndipo nyimbo ikazimiririka pakati anyamata ankaimalizitsa ndi pakamwa, m'Chingerezi chongopeka chimene ngakhale mwini nyimboyo sakanachizindikira. Agogo ena mpaka lero amaziimba momwemo, ndipo sindiona chifukwa chowakonzera.

Kotembenuzira komweko kunalinso zoopsa. Frelimo itatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, mawu ake ankamveka kuchokera ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka, ndipo wopezeka akumvera ankagwa m'manja mwa apolisi achinsinsi a PIDE. Nyimbo za gitala zinali malo abwino othawirako munthu akamva mgugu pakhomo.

Chaka cha 1975 chinasintha zambiri nthawi imodzi. Mozambique inalandira ufulu pa 25 June, ndipo mu October LM Radio inatsekedwa. Boma latsopano linkafuna nyimbo zomanga dziko, ndipo za azungu linkaziona ngati zotsalira za atsamunda. Wailesi imene inadzadza m'midzi pambuyo pake inali Xirico, yopangidwa mothandizidwa ndi East Germany. Kutsidya ku Malawi nako kunali kothina mwa mtundu wake. Boma la Kamuzu Banda linkaletsa amuna tsitsi lalitali ndi mathalauza otambalala kumiyendo, ndipo nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa "Cecilia" inaletsedwa chifukwa dzinalo linali la Mama Cecilia Kadzamira. Komabe wailesi ya Malawi ya MBC, imene inayamba mu 1964, ndiyo inkamveka bwino ku Angónia kuposa ina iliyonse, m'chinenero cha pakhomo, ndipo kudzera mwa iyo anthu anadziwa Daniel Kachamba, Robert Fumulani, Allan Namoko, kenako Kalimba ndi Makasu.

Rock yaukali inachokera kumadzulo, ku Zambia. Kenneth Kaunda atalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi ya Zambia zikhale za m'dzikomo, anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka amene anakula akumvera Jimi Hendrix ndi Deep Purple anapeza mpata. WITCH, ndi woimba wake Jagari Chanda, inatulutsa chimbale cha Lazy Bones!! mu 1975, chaka chomwecho Amanaz inatulutsa Africa, ndipo mu 1976 Ngozi Family inabwera ndi Day of Judgement. Paul Ngozi, mtsogoleri wa gululi, ndiye anafika pamtima pa anthu olankhula chinenero chathu, chifukwa pamwamba pa gitala yokalipa ija ankaimbanso m'Chinyanja cha ku Lusaka, zinthu za m'banja ndi za m'komboni. Apa munthu sankafunikanso kupeka mawu. Anamwalira mu 1989, akadali mnyamata.

Pofika nthawi imeneyo Angónia inali itatha anthu. Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo inakula kwambiri kuno cha m'ma 1986, ndipo midzi yathunthu inawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, mpaka Malawi inasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Wothawa usiku amanyamula mwana ndi poto. Magalamafoni ndi mbale zimene makolo anavutikira ku Joni zinatsala m'nyumba zimene zinapsa. Ichi n'chifukwa chake lero kupeza mbale yakale ku Domué kapena ku Calómuè n'kovuta, ngakhale oikumbukira alipo ambiri.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anabwerera ndi makaseti. Ana okulira kothawa anabwera ndi Alleluya Band ya ku Balaka, Lucius Banda, ndi sungura ya Leonard Dembo, ndipo kaseti ikatafunidwa ankaibweza ndi bolopeni. Kwa iwo Beatles inali nkhani ya abambo.

Nyimbo zenizenizo sizinatayike. Zimbale za rock ya ku Zambia ija, yotchedwa Zamrock, zinasindikizidwanso kunja, Jagari Chanda anabwerera pansanja atakalamba, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Mdzukulu wa foni yamakono akhoza kuwapezera agogo nyimbo iliyonse pa YouTube, akangotchula dzina molondola. Chimene chikutha ndi nkhani za anthu amene ankazimvera: anali ndani mwini wailesi m'mudzimo, dansi inkachitikira pabwalo la yani, mfumu inkati chiyani. Mawailesi a m'madera amene akuulutsa m'Chichewa kuno akanachita bwino kutenga chojambulira mawu n'kupita kwa agogowa chaka chino, ayambire kwa amene anapitako ku Wenela, chifukwa ndi amene atsala ochepa.