Ulendo wa pa Ndege Kuchokera ku Tromsø Kunka ku Longyearbyen

Lero tiyeni tinke kutali kumpoto, ku dziko la Norway, tikaone mabwalo awiri a ndege. Loyamba lili mu mzinda wa Tromsø. Lachiwiri lili ku Longyearbyen, mudzi wa pa zisumbu za Svalbard umene John Longyear wa ku America anauyamba m'chaka cha 1906 pofuna kukumba malasha. Pakati pa malo awiriwa pali nyanja yozizira, mtunda wa mamailosi ngati 590, ndiwo makilomita 950. Mutakwera ndege lero, mufika patangopita ora limodzi ndi theka ndi mphindi zowerengeka. Koma musayese kuti zinali chomwechi kuyambira kale.

Kale njira inali ya sitima ya pamadzi yokha. Pofika November nyanja inkaundana, ndipo sitima sizinkafikakonso kufikira May. Taganizani za munthu wokumba malasha uja: ali mumdima, pakuti kumeneko dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa October kufikira February, salandira kalata, ndipo akadwala kwambiri sangathe kunka ku chipatala chachikulu.

Ngakhale njira ya m'mwamba inali yoopsa. Pa 18 June 1928 Roald Amundsen, munthu woyamba kufika ku South Pole, ananyamuka ku Tromsø ndi anzake asanu pa ndege yotera pamadzi, kulinga ku Svalbard kukafuna Umberto Nobile wa ku Italy amene anagwa pa madzi oundana. Ndegeyo sinafike, ndipo mitembo yao sinapezeke.

M'zaka za m'ma 1950 ndege za asilikali a Norway zinayamba kunyamula makalata kuchokera ku Tromsø, koma zinkangowaponya pansi ndi kubwerera. M'chaka cha 1959 kampani ya Braathens inateretsa ndege ya anthu m'chigwa cha Adventdalen, pafupi ndi Longyearbyen, pa bwalo limene Ajeremani analambula pa nkhondo yachiwiri. Koma ndege zinkaterapo pokhapokha nthaka itauma ndi chisanu.

Kapena mufunsa, nanga Boma linachedweranji kumanga bwalo lenileni? Chifukwa chake nchakuti pangano la 1920, limene linapereka Svalbard m'manja mwa Norway, linaletsa kugwiritsa zisumbuzi pa za nkhondo. Tsono dziko la Soviet Union, limene anthu ake ankakumbanso malasha komweko, linaopa kuti bwalo lotere lingasanduke la asilikali. Maiko awiriwa atamvana, bwalo la Longyearbyen linatsegulidwa m'chaka cha 1975, pamene la Tromsø linali litayamba kale ntchito mu 1964.

Chotero mukamva kuti ulendowu ndi wa ora limodzi ndi theka, kumbukirani kuti chiyambire mudzi wa Longyearbyen anthu ake anayembekeza zaka 69 kuti akhale ndi njira yotseguka chaka chonse. Tsalani bwino.