Manachesi a ku Mwanza ndi Makomo a Chingerezi

Munthu akatchula boma la Mwanza, ambiri amayamba aganiza za manachesi, zipatso zimene zimadzaza madengu m'mbali mwa msewu m'nyengo yachisanu. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti dzina la chipatsochi linayenda ulendo wautali. Mngerezi wa ku London salidziwa, iye amati tangerine. Mawu akuti naartjie, amene anabala nachesi, ndi a Chingerezi cha ku South Africa ndi chinenero cha Mabunu, ndipo kumenekonso anachita kufika kuchokera ku Chitamil cha ku India.

Izi zikusonyeza kuti Chingerezi sichinalowe m'Malawi pa khomo limodzi.

Khomo loyamba linali la mishoni. Amishoni a ku Scotland atakhazikitsa Blantyre Mission m'chaka cha 1876, anadza ndi mawu akwawo. Kufikira lero nyumba ya mbusa mu mpingo wa CCAP imatchedwa manse, ndipo bwalo la akulu a mpingo ankalitcha kirk session, pakuti kwa anthu a ku Scotland kirk ndiye tchalitchi. Liwu lomweli likumveka m'dzina la mapiri a Kirk Range, kumpoto kwa Mwanza, amene anawatcha pokumbukira John Kirk, mnzake wa David Livingstone.

Khomo lachiwiri, limene likukhudza Mwanza kopambana, linali msewu wochokera ku Blantyre, wodzera pa Mwanza, Zobue ndi Tete, kukafika ku Salisbury, kumene lero kumatchedwa Harare. Amuna zikwizikwi anadutsa njira imeneyi, ena wapansi, ena pa malole, kukafuna ntchito ku minda ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Enanso ankatengedwa ndi bungwe la Wenela kupita ku Joni. Kumeneko Chingerezi sankachiphunzira m'mabuku ayi, koma pakamwa pa akapitawo, chitasakanizika ndi Chilapalapa, chinenero cha pa ntchito.

Pobwerera kumudzi, amunawo ankasenza mabulangete ndi njinga, komanso mawu. Komboni anachokera ku compound, malo ogonamo antchito a m'migodi. Fosholo anachokera ku shovel. Kandalama ka makobiri atatu, kamene Angerezi kwawo ankati threepence, kummwera kunali tickey, ndipo kuno kanasanduka tiki, kufikira pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'chaka cha 1971. Nawo magetsi olamulira magalimoto pa mphambano amatchedwa maloboti potsata robot wa kummwera. Ku England amati traffic lights, ndipo kwa iwo robot ndi makina ogwira ntchito ngati munthu.

Ulendo wa ku migodi unadukiza mu April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70. Pulezidenti wa nthawiyo, Dr. H. Kamuzu Banda, analetsa kulemba anthu ntchitoyo. Inayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nithera mu 1988. Ulendo unatha, koma mawu anatsala.

Mwanza ali m'malire ndi Mozambique, choncho si mawu onse achilendo amene ali a Chingerezi. Nsapato, kalata, chipewa ndi kapitawo yemwe anachokera ku Chipwitikizi. Masiku ano kwatseguka khomo lina, la Chingerezi cha ku America chodzera m'makanema. N'chifukwa chake galimoto zonyamula katundu zimene zimandanda pa chipata cha Mwanza, agogo amati malole potsata lorry wa Angerezi, pamene adzukulu amati mathiraki potsata truck.

Pali chifukwa chokumbukirira mbiri imeneyi. Mwana wa sukulu akamva agogo ake akunena tiki kapena loboti, n'kwapafupi kuwaseka kuti akuthyola Chingerezi. Sakuthyola ayi. Akulankhula Chingerezi cha dera lina, chimene anachilipira ndi thukuta pansi pa nthaka. Mphunzitsi wanzeru aphunzitse mwana liwu loyenera pa mayeso, komanso amuuze kumene linachokera la kwawo. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo m'mawu ang'onoang'ono ngati nachesi mwagona mbiri ya amuna amene mayina awo sanalembedwe m'buku lililonse.